Matenda a Kadyedwe: Akuchulukadi, Kapena Ndi Kawerengedwe Kamene Kasintha?

M'phunziro lathu la zaumoyo wa anthu tinapatsidwa ntchito younika mmene matenda a maganizo okhudza kadyedwe, monga kudzimana chakudya kapena kudya mosadziletsa, akhala akufalikira m'zaka zapitazi, ndipo chiwerengero chimene ambiri amayambira nacho ndi cha Marie Galmiche ndi anzake a ku Rouen m'dziko la France, omwe m'chaka cha 2019 anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 94 wochokera m'maiko osiyanasiyana. Iwo anapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2006 anthu 3.5 pa 100 alionse anali ndi matendawa pa nthawi imene ankapimidwa, pamene pakati pa 2013 ndi 2018 chiwerengerocho chinafika pa 7.8. Kukwera kotereku n'kochititsa mantha, koma ndaona kuti sitingakumvetse tisanafunse kuti amene ankawerengedwa ngati odwala pa nthawi iliyonse anali ndani.

Mndandanda wa matendawa wakhala ukukula pang'onopang'ono. William Gull wa ku London ndiye anapereka dzina la anorexia nervosa, nthenda imene munthu amadzimana chakudya mpaka kuonda kwambiri, m'chaka cha 1873, chaka chomwecho Charles Lasègue akufotokoza vuto lomweli ku Paris. Bulimia nervosa, imene munthu amadya kwambiri nthawi imodzi kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, inafotokozedwa ndi Gerald Russell mu 1979. Vuto lodya mosadziletsa popanda kudzisanzitsa linalandiridwa ngati nthenda payokha mu 2013, pamene madokotala a matenda a maganizo ku America anatulutsa buku lawo la DSM-5. Buku lomwelo linachotsa lamulo loti mkazi azitchedwa wodwala anorexia pokhapokha atasiya kusamba, ndipo pa bulimia linati kudya kwambiri n'kudzisanzitsa kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu n'kokwanira, pamene kale ankafuna kawiri pa sabata. Ukonde ukachepa maso umakola nsomba zambiri ngakhale m'nyanja simunasinthe kanthu, ndipo n'zoonekeratu kuti nyengo imene chiwerengero cha Galmiche chinakwera kwambiri ikuyamba m'chaka chomwecho cha 2013.

Pamene muyezo unakhala umodzi kwa nthawi yaitali, nkhani imamveka mosiyana. Ku Netherlands, kumene Hans Hoek ndi anzake akhala akutsatira zolemba za madokotala a m'madera kuyambira m'ma 1980, chiwerengero cha odwala anorexia atsopano pachaka sichinasinthe kwenikweni, ngakhale kuti chinakwera pakati pa atsikana achichepere, pamene cha bulimia chinatsika. Ku Britain nakonso odwala bulimia opita kwa dokotala anachuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nafika pachimake mu 1996, kenako anayamba kuchepa. Ofufuza ena amagwirizanitsa zimenezi ndi nthawi imene nkhani ya bulimia ya Diana, yemwe anali mkazi wa Charles, mwana wa Mfumukazi ya ku Britain, inali pakamwa pa aliyense, kutanthauza kuti mwina chimene chinakwera ndi kulimba mtima kopita kuchipatala osati nthendayo.

Komabe sindikuvomereza kuti kusintha konse n'kwa pa pepala chabe. Anne Becker anafunsa atsikana a sukulu m'chigawo cha Nadroga ku Fiji mu 1995, wailesi yakanema itangofika kumene, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Atabwereza mafunso omwewo mu 1998, atsikana 11.3 pa 100 alionse anavomera kuti amatero. Atsikana ofunsidwawo anali ochepa, ndipo kudzisanzitsa pakokha si umboni wa nthenda yonse, koma kusinthaku kunachitika pakati pa anthu omwe kale ankalemekeza thupi lonenepa, m'zaka zitatu zokha.

Gawo limene lasiyidwa kwambiri m'ziwerengero za dziko lonse ndi la anthu amene sawerengedwa n'komwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 14 miliyoni anali ndi matenda a kadyedwe, koma chiwerengerochi chinali cha anorexia ndi bulimia zokha. Damian Santomauro ndi anzake atawonjezera vuto lodya mosadziletsa ndi mitundu ina, anapeza anthu enanso 41.9 miliyoni, ndipo amuna anaonekera kwambiri kuposa mmene ankaganiziridwa.

Palinso vuto lina limene likutikhudza ife a kum'mwera kwa Africa, lomwe ndi la mafunso opimira okonzedwa ku maiko a azungu. Daniel le Grange ndi anzake, mu kafukufuku wa 2004 ku South Africa, anaona kuti achinyamata akuda ochokera m'mabanja osauka ankapeza mapointi okwera pa mafunso oterewa, koma atacheza nawo mmodzimmodzi anapeza kuti ankaganiza za chakudya nthawi zonse chifukwa cha njala, ndipo kusanza kumene ankatchula kunali kwa mwambo wotsuka m'thupi. Wofufuza amene angatenge mafunso omwewo n'kuwagawa m'sukulu za kwathu m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitapita pansi, ayenera kuyamba wafunsa ophunzirawo ngati adya m'mawa umenewo.