Mphindi 20 za m'mawa zomwe timakanganirana pa saiti

Lachiwiri lapitali ndinasemphana mawu ndi bwana wina amene wachita hayala makina omwe ndimayendetsa, ndipo mpaka lero nkhaniyi sinandichoke mumtima nde ndati bola ndilembe, mwina anzanga a pa ma saiti mundimvetsa.

Ndimayendetsa ekisikaveta, CAT 320 yakalekale ija, anthu akumudzi akangoiona amangoti katapila wabwera, kaya ndi Komatsu kaya ndi JCB kwa iwo zonse ndi katapila basi. Panopa tili mbali ya ku Area 49 ku Lilongwe, tikukumba ngalande ndi maziko pamalo pena poyandikana ndi dambo. Ndinafika 6 koloko isanakwane monga mwa nthawi zonse, ndinayamba kuzungulira makina, pampu ya girisi ili m'manja. Bwana uja atafika anandipeza ndagwada pansi pa boom, mkono waukulu wa makinawo, matipa awiri ataima kale pamzere madalaivala akuimba mahutala. Anati, "Achimwene, ine ndikulipira pa ola, sindikulipira kuti muzisisita makina ngati mwana." Ndinawayankha mwaulemu kuti bwana injini sindinalize, mita ya maola sinayambe kuwerenga, palibe tambala yanu yomwe yapita. Koma sanamve, anaimbira eni makina ku Kanengo kuti opaleta wanu ndi waulesi.

Liwu loti waulesi limenelo ndi lomwe landipweteka.

Ntchito imeneyi sindinayambire pa mpando. Zaka ziwiri zoyambirira ndinali sipanala boyi wa madala ena a ku Ntcheu amene anayendetsapo giledala m'misewu yambiri ya boma, ntchito yanga inali kunyamula zigubu za dizilo, kuchotsa matope m'ma track (matcheni omwe makina amayendera) ndi fosholo, kupopa girisi, basi. Ndikapempha kuti madala ndigwireko ma lever pang'ono ankati dikira kaye, uyambe wadziwa kulira kwake. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akundiphera ufulu koma pano ndikudziwa chomwe ankatanthauza, makina akakhala kuti akudwala amayamba kudandaula masiku angapo asanagwe, kaya ndi kakulira kachilendo pa pampu, kaya ndi utsi wosintha mtundu, kaya baketi ikugwedera pa pini ngati dzino la nkhalamba. Amene amamva zimenezi ndi amene anazolowera kumvetsera makina ali bwinobwino.

Ndiye m'mphindi 20 zija ndimapangamo chani? Ndimayamba kuyang'ana pansi pomwe makina anagona, ngati pali dontho la oyilo kapena madzi ndifufuze lachokera pati. Kenako oyilo wa injini, madzi a mu radiator, mulingo wa haidiroliki pa kagalasi kaja. Girisi pa mapini onse a baketi ndi mkono, ndimapopa mpaka wakale wakuda uja atuluke watsopano aoneke. Pini ikauma imadya bush, kachitsulo komwe piniyo imazunguliramo, bush ikatha imayamba kudya chitsulo cha mkono weniweniwo, ndipo pamenepo si za girisi wa mu chitini ayi, mpaka makina akwere lobedi, chilole chonyamula makina, kupita ku workshop sabata yathunthu kapena kuposera.

Koma chachikulu kwambiri kwa ine masiku ano ndi kukhetsa madzi pa separator ya dizilo, kasefa kolekanitsa madzi ndi dizilo. Anzanga mukudziwa mmene zakhalira chiyambire mavuto a mafuta mu 2022 muja, dizilo wa pa saiti amabwera m'madiramu ndi m'zigubu, wina wagulidwa uku wina uko, diramu yagona panja mvula yaivumba, ina ili ndi dzimbiri pansi. Ukatsegula kampopi kapansi kaja umaona ndi maso ako madzi akutsogola dizilo akubwera pambuyo. Madzi amenewo akadutsa nkufika ku ma injector, omwe amathira dizilo mu injini, ndiye kuti mwalira, makamaka makina atsopanowa sapirira ngakhale pang'ono, akale aja bola ankakhululuka. Ndipo ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso forex yosowayi, sipeya yoitanitsa ku Johannesburg simungaidikire masiku awiri ayi, makina amangokhala pa yadi udzu nkumera pansi pake, opaleta ali kunyumba wopanda alawansi ana akumuyang'ana.

Apa mpomwe anthu ochita hayala sationera. Iwo amaona makina ataima m'mawa, ife timaona mwezi wonse womwe angaime tikadumpha zimenezi.

Sindikuti mabwanawa alibe mfundo. Ndalama ya hayala ndi yambiri zedi, kuwonjezera lobedi yobweretsa ndi yobweza, ndipo ikakhala dry hire dizilo yense ndi wa iwo. Komanso tisabise, alipo anzathu ena amene anaipitsa dzina lathu, kusiya injini ikulira pa idle, osagwira ntchito, nthawi ya memo kuti mita iziyenda, kapena kupopa dizilo usiku mogwirizana ndi alonda nkukagulitsa kwa a zigayo. Zimenezo ine ndimadana nazo chifukwa ndi zomwe zimapangitsa kuti bwana aliyense akaona opaleta wagwira chigubu ayambe kukayika. Koma munthu wopopa girisi injini ili chozima akuba chani? Ngakhale madzulo ndikasiya injini ilire pang'onopang'ono mphindi zitatu kapena zisanu ndisanazime, ndi kuti turbo izizire, ukangozima ili yotentha oyilo amapsera mkati mwake. Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi, folomani wawo anangoseka.

Nyengo ino ya mvula ndiye zinthu zimachuluka. Dothi la makande la m'dambo lija limamata m'ma roller ndi pa sprocket, zitsulo zomwe track imazungulirapo, likauma usiku limalimba ngati simenti, track imakungika mopitirira muyeso ndipo imayamba kudya zitsulo zake zomwe. Ndinaphunzira zimenezi movutikira mu 2023 namondwe wa Freddy atadutsa, tinatumizidwa kummwera kukatsegula njira zomwe zinakwiririka ndi matope ndi miyala, tinkagwira kuyambira mbandakucha mpaka mdima ndipo anthu ankaima chapatali kutiyang'ana, ena akuyembekezera ngati baketi itulutse katundu wawo kapena m'bale wawo. Sindikonda kukamba zambiri za masabata amenewo. Koma kumeneko makina akanafa chifukwa cha ulesi wanga panalibe lobedi yomwe ikanafika, milatho inali itakokoloka, ndiye madzulo aliwonse ngakhale thupi likukana ndinkatukula mbali imodzi ndi boom, kuzunguza track m'malere kuti matope agwe, otsalawo nkuchotsa ndi fosholo.

Nthawi ya fumbi, September ndi October, vuto limasamukira ku air filter. Ndimaona anyamata ena akuimenyetsa pa tayala la tipa kuti fumbi lichoke, chonde musamatero, pepala lamkati likang'ambika pang'ono pokha fumbi limalowa mu injini ndipo simudziwa mpaka itayamba kumwa oyilo.

China chomwe ndimaonera m'mawa ndi ma hose a haidiroliki, pomwe akukhulana ndi chitsulo, pomwe atupa, pomwe anyowa. Ndipo anyamata amene mukuphunzira, mukakayikira kuti penapake pakudontha musafufuze ndi dzanja makina akulira, tengani kachikatoni. Oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ngati ka singano amaboola khungu nkulowa m'thupi, chala chimaoneka ngati chalumidwa ndi nyerere chabe koma munthu atha kuduka dzanja akachedwa kupita kuchipatala. Hose ikaphulika baketi yodzadza ili m'mwamba, pansi pali anyamata a ganyu akusalaza ngalande ndi mafosholo, tangoganizani. Anyamata amenewo ndimadya nawo memo mbale imodzi, ndimadziwa amene mkazi wake ali woyembekezera ndi amene akusunga ndalama ya feteleza. Ndi chifukwa chake ndisanayambe kukumba ndimafunsanso folomani kuti mapaipi a Water Board ndi ma cable a ESCOM adutsa pati, ngakhale aziona ngati ndikuchedwetsa ntchito.

Eni makina atandiimbira tsiku lija sanandikalipire, anangoti yesetsa kumafika msanga kuti bwanayo akamabwera azipeza wamaliza. Ndiye panopa ndikudzuka 4 koloko, kabaza mpaka pa siteji, ndikufika kusanache bwino ndikupopa girisi ndi tochi ya pa foni nditailuma pakamwa, maola amenewo palibe amene akundilipira. Dzulo pa separator panatuluka madzi pafupifupi theka la botolo la Sobo, ndinawasunga osataya. Bwana atafika ndinawapatsa botolo lija m'manja nkuwauza kuti awa achokera mu diramu yomwe inabwera Lolemba. Analiyang'ana nthawi yaitali, analipendeketsa uku ndi uku madzi ali pansi dizilo akuyandama pamwamba, kenako anaitana folomani kuti madiramu onse awalowetse mu shedi ndipo awafunditse lona. Kwa ine sananene kanthu, anangoloza matipa kuti tiyambe.