Bwato linandisiya ku Bawdsey

Pa kadoko ka Bawdsey, ku England, pali kathabwa kooneka ngati chipande. Ukafuna kuwoloka mtsinje wa Deben umakakweza m'mwamba n'kumagwedeza, kuti mwini bwato ali tsidya lija la Felixstowe Ferry akuone. Ine ndinagwedeza mpaka phewa kuwawa, koma zii. Bwato lomaliza linali litapita kalekale, ine ndikadali kutsutsana ndi zithunzi za pakhoma.

Chinandichedwetsa ndi kanyumba ka konkire kosungiramo mbiri ya radar (makina odziwira ndege zikadali kutali), kopanda kukongola kulikonse, kozunguliridwa ndi chipupa chochindikala chotchinga mabomba. Ku Ipswich ndakhalako zaka zitatu osadziwa kuti pafupi pomwepa ndi pamene radar inakulira. Asayansi Robert Watson-Watt ndi Arnold Wilkins anayamba kuyesa nzeru yawo ku Daventry mu February 1935, kenako ku Orford Ness, ndipo mu 1936 boma linagula chinyumba cha Bawdsey Manor kuti asamukiremo. Pofika September 1937, pano panali siteshoni yoyamba ya radar yogwira ntchito mokwanira, chiyambi cha mndandanda wa masiteshoni a m'mbali mwa nyanja wotchedwa Chain Home. Nsanja zachitsulo zotalika pafupifupi mamita 110 zinkaponya mafunde a wailesi kunyanja, mafundewo akagunda ndege ankabwerera, ndipo munthu woyang'ana galasi ankaona kamzere kakudumpha. Basi, kamzere chabe. Koma mu 1940 kamzereko ndi kamene kankauza asilikali a Britain kuti ndege za Germany zayandikira.

Nsanjazo musakazifune. Yomaliza anaigwetsa mu 2000, zomwe mpaka lero sindikuzimvetsa. Anthu osunga ngakhale supuni ya agogo awo angagwetse bwanji chinthu chotere?

Nditaima padoko paja, njala itandigwira (tiyi ndi kakeke kosakwana m'dzanja zinandidyera mapaundi 7, muzitenga kamba), ndinamva kumbuyo: "Mwana wanga, bwatolo silibweranso lero." Anali mayi wachikulire, galu ali pachingwe. Ndinawafotokozera kuti galimoto ndinaisiya tsidya lija. Iwo anangoseka n'kutsegula chitseko cha kagalimoto kawo. Tsidya likuoneka apo pomwe, munthu n'kumva mawu, koma pamsewu mpaka uzungulire ku Woodbridge, ulendo wa mphindi zopitirira 40.

M'njira anandiuza kuti mayi awo anali m'gulu la asilikali aakazi la WAAF, ankakhala usiku wonse maso ali pagalasi lija, ndipo anamwalira asanafotokoze zambiri chifukwa analumbira kusunga chinsinsi. Iwo amakumbukira za pambuyo pake, pamene m'munda momwemo munaikidwa mizinga ya Bloodhound, yomwe inachotsedwa mu 1990, asilikali n'kutseka malowo chaka chotsatira. Ndinakumbuka chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) ku Zomba, chomwe ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku ndili mwana osaimapo n'kamodzi komwe. Galu uja nthawi yonseyi n'kuti atatsamiritsa mutu pa bondo langa, dovu lili chuchuchu pa thalauzi.

Titafika ndinatulutsa mapaundi 20 a mafuta. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, ndiye ndinangobweza m'thumba mwamanyazi.

Mukafuna kupitako, yambani mwafufuza masiku otsegulira, chifukwa amene amayang'anira kanyumbako ndi anthu ongodzipereka ndipo satsegula tsiku lililonse. Bwatonso siliyenda nyengo yozizira. Nthawi ya bwato lomaliza funsani pokwera, mulembe padzanja.