Zipata zolipiritsa za ku South Africa mukayenda pa galimoto ya hayala

Amalawi ambiri opita kukapumula ku South Africa amatsikira pa bwalo la ndege la OR Tambo, n'kutenga galimoto ya hayala, ulendo wa ku Durban kunyanja kapena ku Kruger kukaona nyama. Kuyendetsa sikuvuta kwenikweni, poti nakonso amayenda kumanzere ngati kuno kwathu. Chimene chimasokoneza alendo ndi ma toll gate, zipata zolipiritsa zija. Ife tinazolowera Chingeni ndi Kalinyeke pa msewu wa M1, pamene umaima, kupereka ndalama, kulandira risiti, basi wadutsa. Kumeneko zipata n'zambiri, makampani oziyendetsa ndi osiyanasiyana, ndipo galimoto imene mwabwerekayo ikhoza kumakulipirirani yokha inu osadziwa, bilu n'kudzakupezani mutabwerera kale ku Lilongwe.

Nkhani yonse imathera pa kauntala ya kampani yobwereketsa, musanalandire makiyi. Funsani ngati galimotoyo ili ndi e-tag. Kameneka ndi kachipangizo kakang'ono kapulasitiki, komatidwa mkati mwa galasi lakutsogolo, kawirikawiri kuseri kwa galasi loonera kumbuyo. Mukayandikira chipata, makina a pamenepo amakawerenga, iko kamalira kamodzi, chitsulo chotchinga chija n'kukwera chokha. Ndalamayo imachoka ku akaunti ya kampani, kenako kampani imadzaidula pa khadi lanu limene munasiya posainirana, nthawi zambiri itawonjezerapo kandalama kena ka ntchito yowerengetsera. Ndiye kudutsa osatulutsa ndalama m'thumba sikutanthauza kuti mwadutsa mwaulere. Ndi ngongole, ndipo eni ake saiwala.

Makampani akuluakulu obwereketsa amaika ka e-tag m'galimoto zawo zambiri, koma musangoganizira. Mukafika pagalimoto, yang'anani nokha pagalasi. Ngati kalipo, bwererani kwa amene akukuthandizaniyo akuuzeni momveka kuti kakugwira ntchito kapena ayi, ndalama yowonjezera ija ndi zingati, ndipo amaiwerengera motani: pa chipata chilichonse, pa tsiku, kapena kamodzi pa hayala yonse. Apa m'pamene makampani amasiyana kwambiri, ndipo mawu ake amakhala m'mizere ya zilembo zing'onozing'ono imene ambiri timangosainira chifukwa cha kutopa ndi ulendo wa pandege. Pemphani akuonetseni pamene zalembedwa, mujambule tsambalo ndi foni. Funsaninso kuti bilu ya zipata imatuluka patatha masiku angati galimoto itabwezedwa, chifukwa sizichitika kawirikawiri kuti ikhale yokonzeka tsiku lomwelo.

Kwa ife funso lomalizali ndi lofunika kuposa mmene limaonekera. Mabanki athu amaika malire pa ndalama imene khadi lingagwiritse ntchito kunja, makamaka nyengo zino za kusowa kwa ndalama zakunja. Mukamaliza malirewo pogula zinthu tsiku lobwerera, kampani ikafuna kudula ya zipata khadi limakana, ndipo imayamba kukutsatani ndi makalata, mwinanso kuchedwetsa dipoziti yanu. Siyanimo kangachepe m'khadimo kufikira bilu yomaliza itabwera.

Pali chinthu china chimene chasintha, koma malangizo akale akadali mbwee pa intaneti. Kuyambira mu December 2013, misewu ikuluikulu yozungulira Johannesburg ndi Pretoria inali ndi e-toll: zitsulo zodutsa pamwamba pa msewu, zokhala ndi makamera, zimene zinkalipiritsa galimoto ikuthamanga, popanda kuima. Anthu ambiri a ku Gauteng anakana kulipira kwa zaka zambiri, ndipo boma linathetsa dongosololi mu April 2024. Zitsulozo zikadalipo, mudzadutsa pansi pake pochoka ku bwalo la ndege, koma sizikudulaninso ndalama. Mukaona pa bilu yanu mzere wonena za e-toll ya ku Gauteng, funsani kuti ukutanthauza chiyani. Zimene sizinathe ndi zipata zenizeni zokhala ndi timanyumba ta olipiritsa ndi zitsulo zotchinga, ndipo ka e-tag kamagwirabe ntchito pa zimenezo.

Tione njira imene ambiri amayenda, ya N3 yochoka ku Johannesburg kupita ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Pali zipata zisanu: De Hoek mutangodutsa Heidelberg, Wilge pafupi ndi Villiers, Tugela mutatsika phiri la Van Reenen, Mooi ku Mooi River, ndi Mariannhill mutatsala pang'ono kulowa mu Durban. Zinayi zoyambazo zili m'manja mwa kampani ya N3TC, pamene Mariannhill ndi ya SANRAL, bungwe la boma loyang'anira misewu ikuluikulu. Galimoto yaing'ono imalipira pakati pa R300 ndi R400 zipata zonse pamodzi, ulendo wopita wokha, ndiye muwerengere kawiri ngati mudzabwerera njira yomweyo. Mitengo imakwera chaka chilichonse mu March, choncho mndandanda umene mnzanu anakutumizirani pa WhatsApp chaka chatha ukhoza kukhala wotha ntchito. Watsopano umapezeka pa masamba a SANRAL ndi makampani enawo. Poyang'ana, tsatani gawo la Class 1, limene ndi la galimoto zing'onozing'ono. Magawo enawo, 2 mpaka 4, ndi a mathiraki ndi mabasi.

Wopita ku Kruger kapena ku Mozambique amayenda pa N4, imene ikuyendetsedwa ndi kampani ya TRAC. Kuchokera ku Pretoria zipata zake ndi Diamond Hill, Middelburg, Machado ndi Nkomazi, ndipo Machado ndiye wodula kwambiri, kupitirira R100. Mukachoka ku OR Tambo kudzera pa N12, mumakalowa N4 ku eMalahleni, Diamond Hill mutaisiya kale kumbuyo. Kumpoto, pa N1 yopita ku Polokwane ndi Beitbridge, njira imene mabasi athu amadzera, pali Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn ndi Baobab. Ku Cape Town zipata n'zochepa: msewu woboola phiri wa Huguenot pa N1 kupitirira Paarl, ndi msewu wa Chapman's Peak pakati pa Hout Bay ndi Noordhoek. Womalizawu suli pansi pa SANRAL, ndiye pitani mutakonzeka kulipira pamanja.

Tsopano za pachipata penipeni. Zikwangwani zimayamba kukuchenjezani mukadali patali, liwiro n'kumatsika pang'onopang'ono. Yang'anani pamwamba pa mipata: muvi wobiriwira ndiye kuti mpatawo ndi wotsegula, mtanda wofiira ndiye kuti watsekedwa. Mipata ina ndi ya e-tag yokha, ina ya makhadi okha, ina imalandira zonse ndipo mumakhala munthu. Kwa mlendo, mpata wokhala ndi munthu ndiwo wabwino koposa, ngakhale mutakhala ndi e-tag, chifukwa kachipangizoko kakakana muli ndi wolankhula naye. Lowani mwapang'onopang'ono, ndipo siyani mpata wa galimoto imodzi pakati pa inu ndi amene ali kutsogolo. Mukamamatirana naye, makina akhoza kuwerenga e-tag yanu iye asanadutse, n'kumutsegulira pa ndalama yanu, inu n'kupeza chitsulo chatsikanso.

Vuto lina ndi kulipira kawiri. Munthu sakudziwa kuti galimoto ili ndi e-tag, afika pa zenera ndalama ili kale m'manja, apereka, n'kudutsa. Koma makina anali atawerenga kale kachipangizo kaja, ndipo chipata chomwecho chidzaoneka pa bilu ya kampani. N'chifukwa chake muyenera kutsegula zenera, kuzimitsa wailesi, n'kumvetsera. Kakalira kamodzi, chitsulo n'kukwera, musapereke kalikonse. Kakalira kangapo motsatizana kapena kungokhala chete, chitsulo osakwera, akaunti yake ili ndi vuto kapena batire lake latha. Pamenepo lipirani pamanja, landirani risiti, ndipo tsiku lomwelo dziwitsani kampani pa imelo kuti pakhale umboni wolembedwa. Musakamatule pagalasi n'kukabisa m'chikwama poganiza kuti mupewa ndalama yowonjezera ija. Kakathyoka kapena kutayika adzakulipitsani, ndipo mtengo wake umaposa zimene mumafuna kupulumutsa.

Risiti zimenezi zisungeni zonse mu envelopu imodzi. Zilembo zake zimafufutika zikakhala padzuwa, choncho musaziponye pa dashibodi. Zijambuleni madzulo aliwonse. Pa risiti pamakhala dzina la chipata, tsiku ndi nthawi. Bilu ya kampani ikabwera, pemphani mndandanda wa chipata chilichonse payekhapayekha, osati chiwerengero chimodzi chophatikiza, n'kuyerekeza ndi risiti zanu. Yang'ananinso nthawi. Ngati pali chipata chimene galimoto inadutsa musanaitenge kapena mutaibweza kale, imeneyo ndi ngongole ya munthu wina. Kuti mukhale ndi potsutsira, onetsetsani kuti pa pepala lobwezera galimoto alembapo nthawi yeniyeni imene mwapereka makiyi.

Nanga khadi la ku banki? Ine malangizo anga ndi akuti musalidalire. Kwa zaka zambiri zipata za ku South Africa zinkakana makhadi operekedwa ndi mabanki a kunja, ngakhale akhale a Visa kapena Mastercard amene akugwira bwinobwino m'masitolo ndi pothira mafuta. Makina ongogunditsa khadi ayamba kuikidwa pa misewu ina, koma zinthu sizinafanane paliponse, ndipo pamzere wa galimoto makumi awiri zikukuimbirani hutala si malo oyeserapo mwayi. Nyamulani ma rand. Pa ulendo wa ku Durban, R500 ya mapepala a R20, R50 ndi R100 ndi yokwanira kupita kokha, ndipo iikeni pamalo ake payokha pafupi ndi dalaivala, osati m'chikwama chimene chili kubuti. Kwacha kapena dola salandira. Chenji amapereka, koma werengani musanachoke pazenera.

Mukalowa mpata wolakwika, musabwerere chambuyo. Mukhoza kuchita ngozi motero, ndipo kagalimoto ka hayala kakangokandika pang'ono, dipoziti yanu ndi imene imavulala. Yatsani ma hazadi, khalani m'galimoto, wogwira ntchito pamenepo abwera kudzakuthandizani. Musayesenso kuthamangira kumbuyo kwa galimoto ina chitsulo chisanatsike. Makamera amajambula nambala, mlandu umapita kwa mwini galimoto amene ndi kampani, ndipo iyo imakutumizirani pamodzi ndi ndalama yake ya ntchito.

Ena amasankha kuzemba zipata pouza Google Maps kuti iwadutsitse njira zaulere. Njirazo zilipodi: R103 imayenda moyandikana ndi N3, R101 moyandikana ndi N1 kumpoto kwa Pretoria. Masana, ngati simuli pachangu ndipo mukufuna kuona timatauni ta m'njira, chigawo china cha R103, monga cha ku Midlands pakati pa Mooi River ndi Howick, n'chosangalatsa. Koma kuzemba ulendo wonse n'kudzinamiza. Msewu ndi wopapatiza, malo ena uli ndi maenje, mafuta amatha ambiri, ndipo inshulansi ya galimoto za hayala kawirikawiri siphimba matayala ndi galasi pokhapokha mutalipira padera. Tayala limodzi lophulika limadya ndalama yoposa zipata zonse zisanu. Usiku ndiye musayerekeze n'komwe. Onaninso foni yanu musananyamuke, chifukwa mukaiwala kuti munatchera zopewa zipata pa ulendo wina, idzakutulutsani mu N3 inu osadziwa chifukwa chake.

Nthawi ya Khirisimasi ndi Pasaka mizere ya pa N3 ndi N1 imatalika kwambiri, makamaka tsiku loyamba ndi lomaliza la tchuthi. Ngati mungathe, nyamukani m'bandakucha kapena sunthani ulendo ndi tsiku limodzi.

Wofuna kuwolokera ku Mozambique pa Lebombo ndi Ressano Garcia ayambe wapeza kalata yochokera ku kampani yololeza galimoto kutuluka m'dziko. Popanda kalatayo pachipata cha malire sadutsa, ndipo si makampani onse amene amalola. Msewu wa TRAC umapitirira mpaka ku Maputo, uli ndi zipata zina ziwiri, cha Moamba ndi cha Maputo. Kumeneko e-tag ya ku South Africa musaiwerengere. Sinthani ma rand pang'ono akhale meticais musanafike pa Moamba, ndipo risiti zake muziike mu envelopu yomwe ija.