Ndinkayang'ana m'mwamba, nkhani ili pansi

Ulendo woyamba tinalowa m'nkhalango ya Matandwe mu Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Nsanje limaswa mtengo. Tinkadzuka 4 koloko kuti ikamakwana 10 tikhale titamaliza, chifukwa kupitirira pamenepo ngakhale pensulo imaterera m'manja ndi thukuta. Ntchito yake ankati ndi kalembera wa zomera: kupeza mitengo yachilengedwe imene yayamba kusowa, komanso zomera zobwera zimene zikulanda malo. Timakhoma zikhomo zinayi, kumanga chingwe mamita 20 mbali iliyonse, kulemba nambala za GPS zosonyeza pamene pali malowo, kenako kuwerenga chilichonse chili m'katimo. Mtengo waukulu timauyeza kunenepa pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, chapachifuwa penipeni.

Ine ndinkakonda mitengo ikuluikulu. Ndikaona mphingo mtima unkachita kudumpha, ndipo ndinkathamangira kukaukulunga tepi. M'kalasi anatiphunzitsa kuti mtengo umenewu umatenga zaka 70 kapena kuposa kuti ukhwime, kuti mtima wake wakuda uja ndi umene amasemera ziboliboli ndiponso zitoliro zodula za kunja, komanso kuti kuyambira 2017 malonda ake pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama zimene zingathe chifukwa cha malonda. Ndiye ndikaupeza ndinkadziona ngati ndagwira ntchito ya tsikulo. Fomu ili ndi chigawo cha m'munsi cholembapo timitengo tosafika m'chiuno. Chigawo chimenecho ndinkangochidutsa. Pansi panali pouma gwa, moto utadutsa, phulusa lokhalokha. Ndinkalemba mzere n'kupitirira.

Aphunzitsi atabweza mafomu anga anazunguliza mizere yonseyo ndi cholembera chofiira. Anandifunsa kuti, "Mzerewu ukutanthauza kuti munayang'ana osapeza kanthu, kapena simunayang'ane?" Ndinasowa pogwira. Anati ngati ndayang'ana osapeza, ndilembe 0, pakuti 0 ndi yankho, pamene mzere ndi ulesi chabe. Zinandiwawa, koma sananame.

Tinabwereranso mu Febuluwale, mvula itanyowetsa nthaka, pa zikhomo zomwe zija. Malowo sindinawazindikire. Mitengo imene mu Okutobala inali yopanda tsamba, imene ndinkangoilemba mongoganizira potengera khungwa, tsopano inali ndi masamba, ina nyemba, ndipo iwiri ndinapeza kuti ndinaipatsa mayina olakwika. Koma chimene chinandisintha ndi bambo wina wachikulire, mlonda wa nkhalango amene ankatitsogolera. Atandiona ndikupitanso ku mphingo wanga ndi tepi, anati, "Mwana wanga, agogo akowo unawayeza kale. Tagwada uone ngati ali ndi zidzukulu."

Ndinagwada. Ndinakwawa m'chingwe monsemo, minga ikundibaya m'mawondo, ndipo kamphingo kakang'ono sindinakapeze ngakhale kamodzi. Ndinalemba 0, woyamba wolemba ndi mtima wonse. Tili m'mphepete mwa nkhalango, kufupi ndi minda, pansi pa mtengo wa bwemba ndinapeza timitengo tambirimbiri tamasamba a mano ngati sowo, tothithikana ngati nazale. Ndinatafuna tsamba limodzi, kuwawa kwake kunandiuza dzina. Nimu.

Palibe anadzala nimu pamenepo. Zipatso zake zikapsa zimakhala zachikasu, mbalame ndi mileme zimadya kumudzi, n'kudzatera pa mtengo waukulu wa m'nkhalango, njere n'kugwera pansi pake. Motero mtengo wachilengedwe umalera ana a mlendo pamthunzi pake, ake omwe akudyedwa ndi mbuzi kapena kupsa ndi moto wa osaka mbewa. Munthu woyang'ana m'mwamba anena kuti nkhalango ili bwino. Wogwada aona nkhalango ina imene ikubwera.

Apa ndi pamene phunziroli linandivuta, ndipo mpaka pano likundivutabe. Nimu kwawo ndi ku India ndi mayiko oyandikana nako, koma kuno ku chigwa ndi wathu. Kuyambira ku Nchalo kudutsa Ngabu ndi Bangula mpaka pa boma la Nsanje, mthunzi wa pamsika, wa pasukulu, wa pabwalo la mfumu, nthawi zambiri ndi nimu. Chilimwe chikafika pachimake, mitengo ina itayoyola masamba, iye amakhala wobiriwira. Agogo anga amawiritsa masamba ake munthu akadwala, amaika ena m'thumba la chimanga kuti anankafumbwe asalowe. Namasupuni ndi wosavuta kudana naye. Anachokera ku South America, amatseka madzi mu Shire ndi ku Elephant Marsh, asodzi amalephera kupalasa bwato, ndipo palibe amamuikira kumbuyo. Koma ukaime pamsonkhano wa m'mudzi n'kunena kuti nimu ndi mdani, akufunsa kuti iweyo masana umakhala pati.

Mu lipoti langa sindinalembe kuti nimu adulidwe. Ndinalemba kuti wa pakhomo asiyidwe, koma mbande zomera zokha m'kati mwa malire a nkhalango zizizulidwa nthawi ya mvula, nthaka ili yofewa, muzu usanazike, pakuti nimu wamkulu ukamudula amaphukiranso pachitsa. Mnzanga wa m'gulu lathu anati ndikunyengerera, bola kunena chilungamo chonse. Tinakangana njira yonse pa minibasi mpaka kukwera Thabwa, osagwirizana.

Zomera zitatu zimene tinalephera kuzitchula tinazipanikiza pakati pa nyuzipepala ndi matabwa, n'kumasintha mapepala tsiku lililonse kuti zisachite nkhungu, ndipo zapita ku National Herbarium ku Zomba, kumene amasunga ndi kuzindikira zomera zoumitsa. Chimodzi mlonda uja anachitchula dzina la Chisena limene m'mabuku athu mulibe, ndinalilemba m'mbali mwa fomu momwe ndinalimvera. Tibwereranso mu Okutobala. Pansi pa bwemba uja ndinasiya mbande khumi nditazimanga ulusi wofiira, ndikufuna ndikaone kuti zingati zipulumuke moto.