Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Ku Bury St Edmunds

M'gawo lapitalo ndinakusiyani ndikulongedza katundu ku Luton. Ntchito yatsopano yosamalira okalamba inanditengera ku Bury St Edmunds, tauni yakalekale ya m'chigawo cha Suffolk, kum'mawa kwa England.

Chimene chinandilandira ndi fungo. Kumeneko kuli fakitale yaikulu ya British Sugar, koma shuga wake sachokera ku nzimbe ngati wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Amachokera ku mbewu yobereka pansi yotchedwa sugar beet. Nyengo yozizira malole amangondondozana kutula mbewuyi, nthunzi ili tolotolo, ndipo mphepo ikatembenuka fungo lake limafika mpaka m'kati mwa tauni.

Mbiri ya malowa anandiphunzitsa ndi agogo ena amene ndinkawasamalira, omwe kale anali aphunzitsi. Msika umakhalako Lachitatu ndi Loweruka, ndipo iwo sankalola kuti Lachitatu liwadutse. Ndinkawakankha pa chikuku, tigule tchizi ndi maluwa, kenako titsetserekere ku Abbey Gardens, munda wa maluwa umene uli pa mabwinja a nyumba ya amonke. Kulowa n'kwaulere.

Dzina la tauniyi likuchokera kwa Edmund, mfumu ya East Anglia imene inaphedwa ndi ankhondo achi Viking mu 869. Nthano imati anaidula mutu n'kuutaya m'nkhalango, mmbulu n'kumaulondera mpaka anthu ake anaupeza. Mtembo wake unadzasungidwa kuno, ndipo mu 1020 Mfumu Cnut inakhazikitsa nyumba ya amonke pamalopo. Anthu ankachokera kutali kudzapemphera pa manda a Edmund, ndalama zikugwa, mpaka nyumbayo inakhala imodzi mwa zolemera kwambiri m'dziko lonse.

Apa ndi pamene agogo ankakokomeza mawu. Amonkewo ndiwo ankalamulira tauni, msonkho wa pamsika ukulowa m'thumba mwawo. Anthu zitawafika pakhosi, mu 1327 anaukira n'kugumula chipata. Chipata chachikulu chimene alendo amajambulitsapo lero chinamangidwa pambuyo pa chipwirikiticho. Mu 1539 Mfumu Henry VIII inatseka nyumbayo, ndipo miyala yosemedwa bwino anthu anaigwetsa n'kukamangira nyumba zawo. Zatsala ndi zitsa za makoma, ndipo m'khoma lina lakutsogolo kwa tchalitchi chakale cha amonkewo muli nyumba zokhalamo anthu mpaka pano. Amonke anapita, koma ogulitsa masamba adakayalabe malonda awo.

Alendo ambiri amathamangira ku Nutshell, kabala kotchuka chifukwa cha kuchepa kwake. Ine ndinangosuzumira, sindinaone chokhalira. Bola tchalitchi cha St Mary's, momwe muli manda a Mary Tudor, mlongo wake wa Henry VIII yemwe anakhalapo mfumukazi ya France. Nsanja ya tchalitchi chachikulu cha bishopu musapusitsike nayo: imaoneka yamakedzana, koma inamalizidwa mu 2005.

Agogo ankandifunsanso za kwathu, makamaka za misika. Nditawauza kuti kwathu wogula amanenerera mtengo ndipo wogulitsa amaika basera, anafuna kuti ndikayese pa bambo wa tchizi uja. Ndinakana, iwo anayesa okha, ndipo bamboyo anangoseka n'kuwadulira kachidutswa kolawa.

Miyezi yoyamba vuto langa lalikulu linali ufa wa nsima. Momwe ndinaupezera, komanso Mmalawi woyamba amene ndinakumana naye m'basi ya ku Ipswich, ndikufotokozerani m'gawo 15.