Tsiku limene ndinalowera padenga kwa tenanti wanga

Masamu ndinachitira kuseri kwa kalendala. Zipinda zitatu ku Area 25, chilichonse K40,000 pamwezi, ndiye kuti K1,440,000 pachaka. Kumanga K7 miliyoni, ina yobwereka kubanki m'khonde. Zaka zisanu ndalama yabwerera, kenako n'kumangodya ndili chogona. Mayi akunyumba anasuzumira n'kufunsa kuti, "Nanga pepala lanuli lilibe mbali ya zotuluka?" Ndinawauza kuti asamale zakukhitchini.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndisanafolere, moti ndinagula malata opyapyala, aja ukayetsemula amagwedera. Chipinda choyamba analowamo alamu anga, ndipo mlamu salonjereredwa lendi. Chachiwiri chinatha miyezi inayi muli akangaude okha. Chachitatu munalowa bambo wina waulemu kwambiri, amene mwezi ukangotha amakhala ali kumaliro. Bilu ya madzi inkabwera, chimbudzi chinadzaza, msonkho wakukhonsolo unkadikira, amayi akubanki m'khonde ankafuna chiwongoladzanja chawo. Zonsezi pakalendala panalibe.

Mvula ya Januwale itakolera, bambo aja anadandaula kuti denga likudontha. Kalipentala anatchula K25,000. Ndinati ayi, phindu langa silingathere pa misomali iwiri. Ndinabwereka makwerero, hamala m'thumba, n'kukwera ndekha. Ana apamalopo anasonkhana kudzaonerera.

Phazi loyamba, bwinobwino. Lachiwiri, lata linangoti phwaa! Ndinatsika osadzera pamakwerero, n'kufikira patebulo pomwe banja lonse linali pansima ya usipa. Ndiwo uko, mbale uko, ine chagada, thalauza litang'ambika pamalo osatchulika.

Bambowo sanakalipe. Anandidzutsa, kundisasa fumbi, n'kunena modekha kuti, "Pepani a landilodi, mukanagogoda tikanakutsegulirani."

M'mawa mwake anafika kwathu ndi pepala lawo, lolembedwa bwino kuposa langa lija: tebulo, mbale zisanu, wailesi, ndiwo, komanso usiku umodzi wogona atafunda ambulera. Mayi akunyumba ndi amene anawathandiza kuwonkhetsa, mosangalala ndithu. Atachotsapo lendi ya miyezi iwiri imene ndinkawalondola, panatsala K13,000 yoti ine ndiwapatse iwo.

Ndinayamba kufotokoza za maliro akumudzi, koma anandidula.

"Musadzipanikize, a landilodi," anatero akupinda pepalalo. "Mudzapereka mwezi ukatha."