Mtsinje ukatopa umatula katundu: zomwe ndaona pa msewu wa ku Nsanje

Anzanga a Jogalafe, mutu uja wa mitsinje wandilowa tsopano, ndipo mtima wakhala pansi. Zigawo zitatu za mtsinje, chakumtunda, chapakati ndi chakumunsi, tonse tinaziloweza, sindibwereza. Chomwe chinkandisowa n'chimene chimazilumikiza, ndipo ndachipeza nditakhala pawindo la minibasi yochoka ku Blantyre kupita ku Nsanje.

Nkhani yonse ndi liwiro la madzi. Madzi othamanga amanyamula, madzi ofooka amatula. Basi. Mukamatsika mapiri a ku Chikwawa, msewu ukukhotakhota, makutu akutseka, timitsinje tonse ta m'mbalimo tadzaza miyala ikuluikulu ndipo tadula nthaka mozama. Mukangofika pa Thabwa dziko lagona fulati, kutentha kwakulandirani, miyala ija yasowa. Pa mlatho wa Kamuzu, Shire ndi wotakata, wamtundu wa dothi, akuyenda mwaulesi pakati pa zilumba za mchenga. Komatu ndi Shire yemweyo amene kumtunda pang'ono amagwa m'mathithi mpaka kupukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pakati pa Matope ndi Chikwawa amatsika mamita oposa 300. Kutsetsereka kukatha mphamvu imathanso, ndiye dothi lonse limene walikokolola kumtunda amalisiya m'chigwa.

Nditangogwira mfundoyi, chilichonse cha pawindo chinayamba kudzifotokoza chokha. Mtsinje wa Mwanza, umene m'chilimwe umaoneka ngati bwalo la mchenga, wakwiririka ndi katundu wake womwe, n'chifukwa chake mvula ikagwa kumtunda madzi amasowa njira n'kulowa m'midzi. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili pamenepo chifukwa cha dothi lotulidwa lomwelo, kuphatikiza madzi othirira a Shire. Madimba obiriwira a chimanga ndi mbatata pakati pa chilimwe, pamene kumtunda kwauma gwa, ndi matope omwewo madzi akaphwa. Chonde ndi kusefukira zimachokera ku gwero limodzi. M'kalasi tinaziphunzira pa masamba osiyana, china pansi pa ubwino wa mitsinje, china pansi pa ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Chimene chandikoma kwambiri ndi dambo la Elephant Marsh. Dzinali linachokera kwa David Livingstone, amene anaonako njovu zambirimbiri mu 1859, ndipo mu 2017 linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Mtsinje wa Ruo umene umathandiza kulidzaza ndi wosiyana ndi Shire: Ruo amachokera ku phiri la Mulanje, wamfupi, waliwiro, n'kukumana ndi Shire pa Chiromo. Akadzaza amamutsekera Shire njira, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukafalikira m'dambo. Kumeneko liwiro limatsala pang'ono kutheratu, ndipo ngakhale matope osalala kwambiri amakhazikika pansi. Mfundo yomwe ija.

Njira imene ndaikhulupirira ndi kujambula cross-section, chithunzi choonetsa mmene dziko likukwerera ndi kutsika mukaliyang'ana cham'mbali. Tengani mapu, werengani mizere ya contour (yoonetsa kukwera kwa malo) kuchokera ku Blantyre, pamwamba pa mamita 1,000, mpaka kuchigwa kumene sikufika ngakhale mamita 100, mujambule kutsikako papepala. Kenako lembani pamwamba pa mzerewo zimene mukuona: miyala, mchenga, nzimbe, bango. Ine ndikuona kuti palibe mutu wa Jogalafe umene ungakane njirayi. Ndayamba kujambula chilichonse, ngakhale njira yopita kumsika.

Chimene chimandiwawa n'choti aphunzitsi athu anatha mutu wonsewu pongotilembetsa manotsi, akuti silabasi ndi yaitali ndipo MSCE siidikira. Sindikuwada, kalasi lathu ndi lodzaza ndipo mapu ndi ochepa. Koma kuseri kwa sukulu kuli kamtsinje kamene kamaonetsa zonsezi mvula ikangogwa. Kutitengera kumeneko kukanatha piriyodi imodzi yokha. Tinaphunzira za mtsinje wa Mississippi wa ku America pamene namondwe Ana anali atawononga damu la Kapichira mu January 2022, ndipo Freddy atamiza midzi ya kuchigwa mu March 2023.

Pali pamene ndaima ndithu. Funso likabwera loti anthu a kuchigwa asamukire kumtunda, kale ndikanalemba inde mosazengereza. Tsopano ndaona madimba aja, ndaona kumtunda kouma kumene akuuzidwa kuti apite, ndipo cholembera chikundilemera. Komanso madambo a kuchigawo chapakati, aja a ku Lilongwe ndi Kasungu, ali pamtunda ndipo alibe mtsinje waukulu wowatulira matope. Kaya mfundo yanga ya liwiroyi ikufikako, kapena kumeneko nkhani ndi ina, ndikanaganizabe.